Kiyi wa wailesi pa tsiku la kadamsana

Ana anga, mwakhala mukundinena kuti ndine mayi wa liuma, ndipo sinditsutsa. Malemu bambo anu ankati ine ndikanena kuti ayi, ngakhale mbuzi yolowa m'munda imabwerera yokha. Pano ndapuma pa ntchito, ndili kuno ku Midzemba ndi nkhuku zanga ndi maondo osamverawa, ndaona kuti ndilembe kumene liumali linachokera, ndi tsiku limene linayesedwa koopsa. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amene amazikumbukira kuposa mwini wakene. Ine ndiyambira pomwe ndinavala yunifomu yoyera.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: kumunsi, dera la Lisungwi

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, ananditumiza ku kachipatala kena kakang'ono m'dera la Lisungwi. Ndinatsika lole ndi sutikesi imodzi, kampoto, ndi nsapato zoyera zimene zinafiira ndi fumbi tsiku lomwelo. Mkulu wanga anali Mayi Zimba, mzamba wachikulire amene sindinamuonepo mano kwa chaka chathunthu. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kachipewa, n'kundifunsa ngati ndimadziwa kukoleza mbaula. Ndinakhumudwa, poti ndinabwera ndi satifiketi osati machesi, koma posakhalitsa ndinamvetsa. Majakisoni tinkawiritsa pa mbaula. Magolovesi tinkachapa, kuwiritsa, kuyanika pa chingwe ngati matemba, mawa n'kuvalanso. Thonje likatha tinkang'amba nsalu zakale za pabedi. Mayi Zimba sankadandaula, ndipo sankalola kuti wina adandaule pamaso pawo.

Zonsezo zinali zopiririka. Chosapiririka chinali chakuti tinalibe njira yoitanira thandizo. Mayi akavutika pochira, uthenga unkayenda ndi miyendo ya munthu mpaka kumsewu, kenako n'kudikira galimoto iliyonse ya mwini wachifundo. M'chaka changa chachiwiri tinataya mayi wina wamng'ono amene anataya magazi atangochira. Tinachita zonse zimene manja angachite, koma galimoto inafika tikumufunditsa nsalu. Ndinalira ngati wamwalira ndi mbale wanga. Mayi Zimba anasamba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena osandiyang'ana.

“Mwanawe, matendawa tinawadziwa, mankhwala ake tinawadziwanso. Chatipha ndi mtunda.”

Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zanga zonse za ntchito. Ndinalumbira mumtima kuti tsiku limene ndidzapatsidwe chida chofupikitsira mtunda, ndidzachisamala kuposa mphika wanga.

M'kati mwa zaka za m'ma 1990: kumapiri, kupitirira Ligowe

Ananditumiza kumapiri inu muli ang'onoang'ono, ndipo mukukumbukira kuzizira kwake. Kachipatalako kanali m'chigwa pakati pa mapiri, kozunguliridwa ndi minda ya mbatatesi ndi mitengo ya manachesi. Msewu wake unali wokwera ndi wokhotakhota, wa miyala, ndi mtsinje wopanda mlatho pakati. Mkulu wa pamalopo anali a Kamwendo, amene anthu ankawatcha adokotala, munthu wamfupi, waukhondo, wosunga chilichonse. Botolo lopanda kanthu sankataya, ankati lidzagwira ntchito. Ine ndi iwo tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse, koma m'mawa tinkamwera tiyi pamodzi.

Chaka china kunabwera galimoto ndi katundu amene ndinkamulota: wailesi ya mauthenga, batire lalikulu, sola yoika padenga, ndi waya wautali womanga pa milongoti iwiri. Wodzaika zinthuzi anali a Mbendera, katswiri wa mawailesi wochokera ku tauni, munthu wokonda kufotokoza ngakhale usanamufunse. Atamaliza kumanga anatichenjeza kuti wailesi yathu ndi yaing'ono, ndipo izimveka bwino m'mamawa ndi dzuwa likamalowa, koma masana izikhala ngati yogontha. Ndinawafunsa ngati amayi a kuno anawauza kuti azidwala m'mawa ndi madzulo okha. Anaseka, n'kukhala pa benchi, n'kuyamba kundiphunzitsa.

“Mawu anu sayenda ndi msewu, Mayi Chikopa. Akatuluka pa wayayu amakwera kumwamba, kutali kupitirira mitambo, kumene dzuwa limaomba mpweya mpaka kuupatsa mphamvu ya magetsi. Mpweya umenewo uli ngati denga. Mawu akagunda pamenepo amabwerera pansi n'kukatera kwa anzanu. Koma dzuwa lomwelo likakwera, limayalanso bulangete m'munsi mwa dengalo, ndipo bulangetelo limameza mawu. Dzuwa likamalowa bulangete limasungunuka, denga limatsala.”

Ndinawafunsa ngati zoona dzuwa lomwe limadyetsa batire ndi lomwenso limatitseka pakamwa. Anati inde, monga amachitira bwana aliyense. A Kamwendo sanaseke.

Kuyambira pamenepo a Kamwendo anakhazikitsa lamulo. Kachipinda ka wailesi kankakiyidwa, kiyi ankamuvala m'khosi pa chingwe, ndipo tinkatsegula m'mamawa ndi madzulo basi. Kumvetsera sikunkadya batire kwenikweni, koma kudina kabatani kuti ulankhule kunkaliyamwa msanga. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi umbombo wao uja wa mabotolo. Iwo akachoka n'kundisiyira kiyi, ndinkayesa dala masana, kuitana mpaka kummero kuuma. Chimene ndinkamva ndi phokoso lokhalokha ngati mvula pa malata. Ndinayesa nyengo yotentha, ndinayesa nyengo yozizira, zaka zingapo, koma palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene wina anandiyankha dzuwa lili pamutu. Pomaliza ndinavomereza kuti a Kamwendo ndi a Mbendera ankanena zoona, ngakhale sindinawauze.

Panalinso vuto lina lolumikizana ndi limeneli. Ambulansi ya ku chipatala chachikulu sinkanyamuka kubwera kwathu dzuwa litatsika, chifukwa msewu uja ndi mtsinje uja sizinali zodutsa mu mdima. Ikanyamuka kukadali kowala inkamaliza ulendo wake, koma uthenga wa madzulo unkatanthauza ambulansi ya mawa lake. Choncho mayi akavutika m'mawa tinali ndi mwayi, koma akavutika masana tinkangogwira njakata n'kumapemphera. Batire nalo linkakalamba chaka ndi chaka, ndipo pempho la latsopano linkangoyankhidwa kuti tidikire.

Juni 2001: tsiku la kadamsana

Nkhani ya kadamsana inayamba kumveka pa wailesi za m'nyumba masabata angapo tsikulo lisanafike. Ankalengeza kuti mwezi udzaphimba dzuwa masana litapendeka, ndipo anthu asaliyang'ane ndi maso. Uthenga umenewo utafika kumidzi unabereka ana ake. Ena ankati dziko likutha. Ena ankati mayi wapakati akaombedwa ndi dzuwa la tsiku limenelo adzabereka mwana wosaona. A Kamwendo anali atapita kuboma kukatenga mankhwala, ndipo kiyi anali m'thumba la yunifomu yanga.

Sabata yonseyo kunali chiperoni, mitambo ndi kamvula kowaza, kotero batire linali kale ndi njala. Tsikulo kunacha koyera. Nditatsegula wailesi m'mawa ndinaona kuti kasingano koonetsa mphamvu kali pafupi ndi pofiira, koma ndinati dzuwa la lero likhutitsa. Ndinapereka moni wa m'mawa mwachidule, n'kutseka.

Dzuwa likuyandikira pamutu ndinaona anthu akubwera ndi machira, wodwala atamufunditsa mabulangete mpaka kumutu. Anali Feliya, mtsikana wa mimba yoyamba amene ndinkamuyeza ku sikelo, wamanyazi, woseka atagwira pakamwa. Mwamuna wake, a Lufeyo, mlimi wa mbatatesi wa mapewa aakulu, anali kutsogolo kwa machira. Matenda anali atayamba dzulo lake, koma apabanja anamusunga m'nyumba poopa kuti kadamsana angamupeze panjira. Atalephera kupirira ndi pamene anamunyamula, atamukuta chonchi kuti dzuwa lisamuone. Nditamuyeza, ndinapeza vuto lalikulu. Mwana anali atagona mopingasa, ndipo panalibe njira yoti angatulukire popanda opaleshoni. Nditaika kalipenga kanga komvetsera pamimba, mtima wa mwana unkamveka, koma motopa.

Ndinamuika diripi, ndinamubaya jakisoni amene ndinali naye, n'kuthamangira ku kachipinda ka wailesi kukaona batire. Kasingano sikanasunthe kuchokera m'mawa. Ndinatuluka panja n'kuyang'ana padenga, ndipo ndinangoti kakasi. Sola yonse inali yokutidwa ndi masaka, omangidwa bwinobwino ndi luzi. Mlonda wathu a Tebulo, bambo wokhulupirika amene sanabepo ngakhale singano, anabwera akupukusa chipewa m'manja. Anati anamva kumsika kuti dzuwa likamadzatuluka mu kadamsana limatuluka ndi ukali, n'kutentha chilichonse cha magetsi. Anakwera padenga dzulo madzulo kuti apulumutse katundu wa boma, ndipo sanandiuze poopa kuti ndiwakaniza. Pamenepo anaganiza bwino, ndikanawakaniza ndithu.

Ndinapsa mtima, koma kukalipa sikukanadzaza batire. Ndinawauza kuti achotse masakawo msangamsanga, akatero atenge njinga yao apalase kulowera kumsewu waukulu ndi uthenga wa pakamwa. Ndinkadziwa kuti sangafike kusanade, koma sindinafune kusiya khomo lililonse losagogoda. Ndinafunsa amuna amene anabwera ndi machira ngati angapitirize ulendo. Anayang'ana pansi. Mmodzi anati sangayende ndi mayi wapakati pa mtetete tsiku ngati limeneli. Kunena zoona, ngakhale akanavomera, Feliya sakanapirira kugwedezeka kwa mtunda wonsewo.

Ndinakhala pa mpando wa m'kachipinda kaja n'kuyamba kuganiza. Batire lokalamba lija, ndi dzuwa la maola ochepa limene linatsala, likanandipatsa mpata woitana kawiri kapena katatu, osapitirira. Ndikaitana nthawi yomweyo, mawu anga akanamezedwa monga ankamezedwera zaka zonse, ndipo ndikanatsala manja ali m'khosi. Ndikadikira madzulo, uthenga ukanafika, koma ambulansi ikanabwera mawa, ndipo Feliya sakanaona mawa. Pamenepo ndinakumbukira bulangete la a Mbendera. Ngati limayalidwa ndi dzuwa, nanga mwezi ukaphimba dzuwalo masana, bulangetelo silingapyapyale? Palibe anandiuzapo zimenezo. Sindinkadziwa ngati mdima wa kanthawi kochepa ungakwanire. Koma inali njira yokhayo imene uthenga ukanafikira ambulansi kukadali kowala. Ndinakiya chitseko, ndinabweza kiyi m'thumba, ndipo ndinatsimikiza kuti sindidina kabatani kaja mpaka dzuwa litadetsedwa.

Kuganiza kunali kosavuta poyerekeza ndi kufotokozera a Lufeyo. Iwo ankadziwa kuti pachipatala pali wailesi yoitanira ambulansi, ndipo anandiona ndikukiya chitseko chake. Ndinayesa kuwauza za batire, za denga la kumwamba, za bulangete. Ankandiyang'ana ngati ndapenga. Kwa iwo kadamsana ndiye anali mdani, ndipo ine ndinkati tidikire mdaniyo kuti atithandize. Anachonderera, anagwada pa khonde anthu akuona, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Atalephera anaimirira, mawu atasintha.

“A Nesi, zengerezu adalinda kwawukwawu. Yesani kamodzi kokha. Kodi kuyesa n'kulakwa?”

“Lero kuyesa n'kutaya, bambo. Ndili ndi chipolopolo chimodzi.”

“Akafa mkazi wanga wailesi ili chikiyire, mudzayankha ndinu.”

“Ndidzayankha ndine.”

Ndinanena zimenezo molimba, koma kulimbako kunali kwa pakamwa pokha. Ndinkaopa kwambiri, ana anga. Munthu wa liuma amaopanso, kungoti salola mantha kumugwirira kiyi. Maola amenewo ndinkangoyenda pakati pa bedi la Feliya ndi khonde, kusintha diripi, kumupukuta thukuta, kumvetsera mtima wa mwana, kuyang'ana mthunzi wa mlongoti. A Lufeyo anakhala pafupi ndi chitseko cha wailesi, maso ali pa thumba langa. Nthawi ina ndinaganiza kuti andilanda kiyiyo, ndipo mphamvu anali nazo, koma sanatero. Feliya anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa ngati afe. Ndinamuuza kuti sindinamupatse chilolezo. Anayesa kumwetulira.

Kenako kuwala kunayamba kusintha. Sikunade ngati madzulo, koma kunafooka, kunachita chikasu ngati nyali yotha parafini. Mphepo yozizira inatsika m'phiri. Nkhuku za a Kamwendo zinayamba kulondola khola, ndipo pansi pa mtengo wa manachesi timawanga ta dzuwa tinasanduka timiyezi tating'onoting'ono. Amayi odikirira odwala anatseka mazenera n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi. Ndinatsegula chitseko, a Lufeyo ali pambuyo panga, ndipo ndinayatsa wailesi kuti ndingomvetsera.

Poyamba inali mvula ya pa malata yomwe ija. A Lufeyo anati ndidine. Ndinati ayi. Panja kunkaderabe, ndipo phokoso lija linayamba kuchepa pang'onopang'ono. Kenako ndinamva, kutali ngati m'chitsime, mawu a Chipwitikizi a anzathu a ku Mozambique, amene tinkawamva madzulo okhaokha. Ndinadikirabe mpaka mawuwo atamveka ngati munthu ali kuseri kwa khoma, ndipo pamenepo ndinadina.

Ndinaitana chipatala chachikulu, ndinatchula dzina la malo athu, ndinati ova, mawu osonyeza kuti ndamaliza, tsopano ayankhe. Kunali zii. Ndinaitananso, kasingano kakugwera pofiira ndikuona. Kunalinso zii. Pambuyo pake ndinadzamva kuti onse kumeneko anali panja, akulandirana magalasi akuda oonera dzuwa, ndipo sindiwaimba mlandu, poti ndani ankayembekezera wailesi ya kumapiri nthawi imeneyo? Koma pa nthawiyo ndinamva ngati nthaka yang'ambika. Kumwamba kunali kotseguka, koma kunalibe wondimva. A Lufeyo anagwira mutu n'kutsamira khoma.

Ndili pafupi kudina komaliza, wailesi inalankhula yokha. Anali mawu a bambo, omveka bwino, Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka.

“Mukumveka, mama, koma ine sindine amene mukuwafuna. Ndili ku chipatala cha mishoni, kumpoto kwenikweni. Sindinakumvenipo n'kale lonse. Vuto n'chiyani? Ova.”

Sindinataye mawu. Ndinatchula malo athu, ndinatchula chipatala chachikulu, ndinati mayi wa mimba yoyamba, mwana wapingasa, ambulansi inyamuke tsopano, batire langa likutha. Anabwereza zonse mosaphonya. Anati pa ofesi ya mishoni pali telefoni ya waya, ndipo aimba mpaka wina atope nako kulira kwake. Ndinadina kuti ndithokoze ndi kufunsa dzina lao, koma kanyali ka wailesi kanathima mawu ali m'kamwa.

Patapita kanthawi kuwala kunayamba kubwerera, atambala n'kumalira ngati kwacha. Kwathu dzuwa silinaphimbike lonse, kanatsala kachidutswa kopyapyala. Anthu anatuluka akuseka kuti dziko silinathe. Ine ndinabwerera kwa Feliya osadziwa ngati bambo uja waimbadi, ngati wina wayankha, ngati ambulansi inalipo n'komwe. Ndinaika kalipenga pamimba. Ndinasuntha, ndinaikanso, ndinasiya kupuma kuti ndimve bwino. Mtima wa mwana sunkamvekanso. Feliya ankandiyang'ana nkhope, ndipo sindinamunamize. Ndinamuuza kuti tsopano tikumenyera moyo wake, ndipo andithandize. Misozi inatsikira m'makutu mwake, koma anagwedeza mutu kuvomera. Nditatuluka kukauza a Lufeyo, anangoyang'ana chitseko cha wailesi chija.

Chisisira chikugwa tinamva injini ikulimbana ndi chitunda. Ambulansi inalowa pabwalo ndi matope a mumtsinje, ndipo woyamba kutsika anali a Tebulo, njinga yao ili pamwamba pa galimotoyo. A mu ambulansi anawapeza panjira akukankha njingayo, asanafike n'komwe theka la ulendo. Dalaivala anati telefoni inalira mosalekeza mpaka mayi wina wokolopa anasiya kuonera dzuwa n'kukayankha mokwiya. Ndinakwera ndi Feliya, botolo la diripi lili m'manja ulendo wonse. Anamuchita opaleshoni atangofika. Mwana, wamwamuna, sanalire. Feliya anakhala moyo.

Miyezi ndi zaka zotsatira

A Kamwendo atabwerako ndinawafotokozera zonse, n'kuwabwezera kiyi. Anamuyang'ana, anamutembenuza, kenako anandibwezera ndi chingwe chake chomwe, n'kunena kuti khosi lao latopa. Kwa munthu wosunga mabotolo opanda kanthu, imeneyo inali mphatso yaikulu. A Tebulo sitinawachotse ntchito. Anadzilanga okha mokwanira, ndipo kuyambira pamenepo ankapukuta sola ija m'mawa uliwonse.

A Mbendera anabwera patapita miyezi ndi batire latsopano lija tinkalipempha. Nditawasimbira, anakhala pa benchi yomwe ija n'kuvula magalasi. Anati akatswiri a zakuthambo amadikira kadamsana ndi zida zao kuti ayeze zimenezi. Mthunzi wa mwezi ukamadutsa, mpweya wa kumwamba umataya ina mwa mphamvu yake ya magetsi, magetsi oyenda m'mwambamo amafooka, ndipo ena amayezanso kusintha ngakhale mu mpweya wa pafupi ndi nthaka. Bulangete la m'munsi lija ndi limene limasungunuka msanga, pamene denga la pamwamba limachedwa, n'chifukwa chake mawu anga anadumpha mpaka kumpoto. Koma anaonjeza kuti sizichitika mofanana nthawi zonse, ndipo ndinachitanso mwayi. Sindinatsutse. Mwayi unalipo, koma ukanandipeza ndi batire lakufa ndikanamvera kuchonderera. Bambo wa kumpoto uja ndinamufunafuna pa wailesi m'mawa ndi madzulo kwa nthawi yaitali, koma sindinamumvenso.

Feliya atachira ankabwera kudzandiona ndi kadengu ka manachesi. A Lufeyo ndiye ayi. Tikakumana pa njira ankapatukira m'munda, ndipo kutchalitchi ankatulukira khomo lina. Ndinamva kuti ankauza anthu kuti ndikanaitana dzuwa lili pamutu, mwana wao akanakhala moyo. Zinkandipweteka kwambiri, chifukwa nanenso mwana uja ndinkamulira. Ndinamumva mtima wake ndi khutu langa, ndipo ndinamumva ukusiya. Koma sindinapite kukapepesa, poti kupepesa kukanatanthauza kuti ndikanachita mwina, pamene ine ndikudziwa kuti tsiku lija litabweranso ndingakiyenso chitseko. Sindinawadenso a Lufeyo. Munthu amene waika mwana wake woyamba m'manda amafuna pogoneka ululu wake, ndipo ine ndinali pafupi.

Panapita zaka zingapo Feliya asanaimenso. Atabwera ku sikelo ndinamuuza kuti chifukwa cha opaleshoni ija, ulendo uno ayenera kukadikirira ku chipatala chachikulu masiku asanakwane. Anati akawauza abambo akunyumba, koma sakudziwa ngati angalole kuti nkhani yake idutsenso m'manja mwanga. Ndinamuuza kuti akafuna apite kwina kulikonse, bola apite.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu penipeni, ndikuyanika magolovesi kuseri, a Tebulo anadzandiuza kuti ndili ndi alendo. Pabwalo panali a Lufeyo atagwira njinga, Feliya atakhala pa kaliyala ndi mimba yake, kumbuyo atamangirira mphasa, ndowa ndi kathumba ka ufa. Mwezi wake unali usanakwane, ndipo sankamva kupweteka kulikonse. A Lufeyo anamutsitsa mosamala, anaimika njinga, anavula chipewa. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichokereni tsiku la kadamsana.

“Muli bwanji, a Nesi?”

“Ndili bwino, kaya inu, bambo?”

“Tili bwino. Kiyi uja mukadali naye?”

Ndinamutulutsa m'khosi n'kuwaonetsa. Anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anayang'ana dzuwa, n'kubweza maso kwa ine.

“Ndabwera nawo mayiwa. Ife tikhala pakhondepa. Muitane nthawi imene mukuidziwa inuyo.”

Ndinangotenga ndowa ya Feliya n'kulowa nayo m'kati, kuti asaone nkhope yanga. Ndinaitana m'mamawa mwake, ambulansi inabwera kukadali kowala, ndipo patapita masabata Feliya anabwerako ndi mwana wamkazi wolira mokweza.

Mafoni a m'manja atafika kumapiri, wailesi ija anadzaichotsa, koma kiyi palibe anamufunsa. Ndi uja amapachikika pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga, amene mumafuna kumutaya nthawi iliyonse mukabwera kudzasesa. Tsopano mwadziwa. Musamukhudze.